Chitsulo cha pa Dzanja la Jharna

Jharna Bauri anakwatiwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ali wowonda ngati bango. Tsiku limene analowa m'nyumba ya amuna ake kuno ku Raniganj, apongozi ake aakazi anamugwira dzanja lamanzere ndi kumuveka chibangili chachitsulo. Cha atsikana ena chinkakhala chokutidwa ndi golide, koma chake chinali chitsulo basi, chakuda, chopanda ndi kamaluwa komwe. Apongoziwo ananena mawu amene mkazi aliyense kwathu kuno amawamva kamodzi kokha: "Ichi chimavulidwa mwamuna akafa. Ukachivula ali moyo, imfa wamuitanira ndiwe." Jharna anavomera ndi mutu, ndipo kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi chitsulocho sichinachokepo pa dzanja lake.

Ntchito yake inali yophikira ana a pasukulu ya pulaimale chakudya chamasana. Mpunga ndi mphodza za ana zana limodzi ndi makumi anayi si masewera, ndipo pakamwa pake panazolowera kukuwa. Ankakalipira ana, aphunzitsi, agalu, ngakhale nkhuni zikakana kuyaka. Aliyense wodutsa kuseri kwa mpanda ankadziwa kuti mphodza zatsala pang'ono kupsa akamva chitsulo chija chikugunda m'mphepete mwa mphika. Kunyumba amene ankalandira zotsala za ukaliwo anali amuna ake, a Haradhan, munthu wofatsa wokumba malasha mumgodi, amene ankayankha chilichonse ndi nthabwala.

Mwana wawo Shiuli ali ndi zaka zinayi, denga la mgodi linagwa. A Haradhan ndi anzawo awiri anatsekeredwa pansi masiku awiri, mumdima, madzi ali m'chiuno. Masiku awiri onsewo Jharna anaima pakhomo pa mgodi, dzanja lamanja litafinya chitsulo cha kumanzere mpaka chinamulowa m'khungu. Opulumutsa anakumba kabowo kokwanira munthu wokwawa, mmodzi wa iwo anapisa mkono mumdimamo, ndipo chimene anakhudza chinali kakolo ka a Haradhan. Anawakoka ndi mwendo ali moyo. Anzawo awiri aja anatuluka atakutidwa ndi nsalu. Amayi a pamzere wa nyumba za mgodi anauza Jharna kuti, "Chitsulo chako n'cholimba, mwana iwe," ndipo iye anakhulupirira ndi mtima wake wonse.

A Haradhan anatuluka mumgodimo ndi mantha amene sanawathere. Anapempha ntchito ya pamtunda, yoyeza malasha. M'basi ankakhala pafupi ndi chitseko, ndipo loko wa kubafa anamuchotsa okha ndi sikuludiraiva. Mantha akawagwira ankanjenjemera, thukuta lili kamukamu, mpweya ukuwathawa. Jharna anapeza yekha mankhwala ake. Akagwada ndi kuwagwira pa kakolo mwamphamvu, ngati munthu amene akufuna kuwakoka, kunjenjemerako kunkaleka. Anthu ankaseka kuti palibe mkazi waulemu ngati Jharna, poti tsiku lonse amalalatira mwamuna koma pagulu amamugwira mapazi.

"Musanyengedwe," a Haradhan ankatero. "Akuyeza ngati ndanenepa kuti akandigulitse kumsika."

"Angakuguleni ndani inu? Ndingachite kuwonjezera ndi mbuzi."

Atapuma pantchito, msana unayamba kuwavuta. Jharna ankawasisita ndi mafuta a mpiru otenthetsa ndi adyo, koma sizinathandize. Tsiku lina anatsokomola ali pakhonde, nthiti n'kuthyoka. Kuchipatala cha kuno anawayeza magazi kawiri, kenako anawapatsa kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu cha ku Kolkata. Anakwera sitima ya m'mawa anthu atatu: Jharna, a Haradhan, ndi achemwali awo aakulu a Putul, amene amuna awo anamwalira kalekale ndipo sankalola ulendo wa m'banjamo kuwapita.

Dokotala wa kumeneko sanabise. Anati ndi khansa yoyambira m'mafuta a m'mafupa. Ngati yakhala pa fupa limodzi la msana, angathe kuiwotcha pomwepo ndipo munthu n'kukhala zaka zambiri. Ngati yafalikira, ndi nkhani ina. Kuti adziwe, ankafuna chithunzi cha thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chojambulidwa ndi makina a MRI. Munthu amagona m'makinamo pafupifupi ola lathunthu osagwedezeka.

Tsiku lojambulalo, a Haradhan atangoona makinawo anaima chilili. Anali ngati chimpope chachikulu choyera, chokhala ndi bowo lokwanira munthu mmodzi wogona chagada. Mtsikana woyendetsa makinawo, dzina lake Tanushri, anawagoneka, kuwamanga malamba ndi kuwatseka m'makutu. Kabedi katangowalowetsa mpaka m'mapewa, Jharna ali panja anamva kukuwa kwa mantha aja a mumgodi. Anawatulutsa asanathe ndi mphindi ziwiri zomwe.

"Bwanji osangowagoneka ndi jakisoni?" a Putul anafunsa.

Tanushri anati dokotala wakana. Mapapo a a Haradhan anali odzaza fumbi la malasha, ndipo mankhwala ogonetsa akanatha kuwalepheretsa kupuma. Anawapatsa tsiku lina, patatha milungu itatu, ndipo anawonjezera kuti wachibale mmodzi angathe kulowa nawo m'chipindamo ndi kuwagwira phazi, popeza mapazi amatsalira kunja. Kenako anayang'ana dzanja la Jharna, pamene chitsulo chija chinali pamodzi ndi zibangili zoyera ndi zofiira za akazi okwatiwa.

"Koma chitsulo chilichonse chimatsala pakhomo, amayi. Muli maginito amphamvu umu, ndipo sazimitsidwa. Zibangili zoyerazo ndi zofiirazo zilibe vuto. Chakudacho ndiye ayi. Chingakukokereni dzanja m'makinamo."

"Nanga ndikachikulunga ndi nsalu?"

"Ngakhale mutachikulunga ndi bulangete."

A Putul anadula nkhaniyo. "Ndilowa ndine. Ine ndilibe chovula, anandivula kale zonse." Shiuli sakanalowa, chifukwa anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo nayenso anali ndi chitsulo chake.

Milungu itatu ija Jharna anaphunzitsa alamu akewo kagwiridwe. Anawasonyeza pamene chala chachikulu chimakhala ndi mphamvu yake yofinyira. A Putul ankati, "Iwe, ndinamusambitsa ine mwana ameneyu uli usanabadwe, ungandiphunzitse phazi lake?" A Haradhan ankangoseka, ati akazi awiri akulimbirana mwendo wa nkhalamba pomwe anyamata ali mbwee m'misewu.

Pa ulendo wachiwiri analowa nthawi ya teni koloko m'mawa, a Putul ali nawo. Anapirira mphindi zisanu ndi imodzi. Anatuluka akugwedezeka ngati wodwala malungo, atadzinyowetsa, ndipo nthabwala zonse zinali zitawathera. Anakhala pa benchi ndi kubisa nkhope m'manja.

"Amake Shiuli, tiyeni kwathu. Ndikafere pakhonde panga pali mphepo."

"Mukafere kuti? Ndani wakupatsani chilolezo?"

Jharna anawakalipira chomwecho. Tanushri anamuitanira pambali. Anati wodwala wa folo koloko wasintha tsiku, ndiye mpata ulipo. Akauphonya umenewu, wotsatira ndi wa mwezi wamawa, ndipo dokotala sangayambe chilichonse asanaone chithunzicho.

"Ine sindikukakamizani, amayi," anatero. "Amayi anga nawonso ali nacho. Ndikungokuuzani za nthawi."

Jharna anasowa mtengo wogwira. Akachisunga chitsulocho, amuna ake abwerera kwawo osajambulidwa, matenda akuwadya. Akachivula, ndiye kuti wachita ndi manja ake chimene anachiopa moyo wake wonse. Anayang'ana a Haradhan ali pa benchi paja, atapindika, chikwama cha mapepala chili pa mawondo, ndipo anawamvera chisoni chimene chinaposa manthawo. Anauza a Putul kuti akukagula tiyi.

Analowa kaye kubafa ya akazi. Anapaka sopo, anakulunga dzanja m'pepala la pulasitiki, anakoka mpaka khungu linasupuka. Koma chibangilicho chinavekedwa pa dzanja la mtsikana, ndipo ili linali dzanja lonyamula miphika ya ana oposa zana. Sichinadutse ndi pa mfundo ya chala chachikulu yomwe.

Kunja kwa geti ya chipatala, pakati pa wogulitsa nthochi ndi wokazinga zitumbuwa, panali bambo wina wodula makiyi. Jharna anamutambasulira dzanja.

"Dulani ichi."

Bamboyo anayang'ana chitsulocho, kenako ufa wofiira wa m'mzere wa tsitsi lake, chizindikiro cha mkazi wapabanja.

"Amayi, amuna anu ali moyo?"

"Ali moyo. Ali pa benchi m'katimo."

"Ndiye ine ayi. Pitani kwina. Ndili ndi ana ine."

"Inenso ndili ndi mwana, bambo inu. Kodi ndakupemphani kuti mundikwatire? Ndati dulani."

Anakokanakokana mpaka bamboyo anatulutsa chodulira maloko, chachikulu ngati mkono. Analowetsa mano ake pansi pa chibangilicho mosamala, n'kuika chogwirira chimodzi pansi, china m'mwamba.

"Ine ndangoika," anatero, akuyang'ana kumsewu. "Kukanikiza ndi kwanu."

Jharna anaika dzanja lamanja pa chogwiriracho ndi kutsamira ndi thupi lonse. Kunamveka kaphokoso kakang'ono, tha! Ankayembekeza kuti pachitika chinachake chachikulu, koma mabasi ankangodutsa ndipo wa zitumbuwa ankangotembenuza zitumbuwa zake. Bamboyo anakanula chitsulocho ndi pulayala. Pamene chinali panatsala mzere woyera, wosalala. Jharna anachimanga pa ngodya ya sari yake, nsalu yaitali imene amayi kuno amavala, anagula tiyi makapu awiri, n'kubwerera m'chipatala.

Folo koloko itakwana anasiya pakhomo zopanira tsitsi, kandolo ka pamphuno, makiyi, ndi chitsulo chodula chija, n'kulowa iyeyo m'chipindamo. A Putul ataona chitsulocho anatsegula pakamwa, koma chitseko chinali chitatsekeka kale. A Haradhan ali chigonere pa kabedi anaona dzanjalo.

"Mwandisudzula kodi, amake Shiuli?"

"Khalani chete inu. Mukagwedezeka ndikuthyolani mwendowu."

"Munachita kudula?"

"Ndati khalani chete."

Anatseka maso, misozi ikutsikira m'makutu. Kabedi kanawalowetsa, ndipo Jharna anawagwira pa kakolo. Makinawo anayamba kugogoda ngati anthu ambiri akukhoma malata nthawi imodzi, kenako kulira, kenako kugogodanso. Mwendo ukayamba kunjenjemera, iye ankafinya. Ukaleka, ankamasula pang'ono. Kabedi kakasuntha, ankasuntha nako. M'chipindamo munali mozizira kwambiri, msana unamupweteka, zala zinachita dzanzi, koma sanasinthe dzanja. Ankagwira ndi lamanzere lopanda kanthulo, ndipo nthawi yonseyo ankapempha mumtima kuti ngati pali chilango chigwere iye. Zinatha patatha mphindi makumi asanu ndi ziwiri. Tanushri analowa akumwetulira, ati zithunzi zatuluka zoyera bwino.

Patatha masiku asanu dokotala anawaonetsa chithunzicho. Panali thupi la munthu, lotuwa, manja ali m'mbali, ndipo monsemo munali mawanga akuda ngati wina wawaza malasha: m'chigaza, m'nthiti, m'msana wonse, m'chiuno, m'ntchafu. Jharna anayamba kuwerenga mawangawo koma analekeza pa makumi awiri. Dokotala anati kuwotcha malo amodzi sikungathandizenso. Panatsala mankhwala ochedwetsa matendawo ndi ochepetsa ululu, koma impso zinali zitayamba kale kufooka.

Pobwerera, sitima itafika pa siteshoni ya Bardhaman, a Putul ananena motsitsa, akuyang'ana pawindo, "Analowa m'makina muja ali ndi fupa limodzi lowawa."

Jharna anadziwa kuti akunena za kudula kwa chitsulo kuja. Chitsulo chija anali atachibwezera pa dzanja, atachipana ndi kumanga podukapo ndi ulusi wofiira. Chinkamukanda, ndipo ulusiwo ukanyowa unkamasuka. Anapempha tchuthi kusukulu. Kwa miyezi inayi ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa madzi a mpunga ndi supuni. Anasiya kuwakalipira, ndipo a Haradhan anadandaula nazo.

"Mwayamba kundilemekeza. Ndiye kuti ndikufadi."

Tsiku lina anamugwira dzanja, n'kusisita ulusi uja ndi chala.

"Musamamvere za achemwali. Mukanapanda kulowa muja, bwenzi ndikufa ngati mbuzi, osadziwa chondipha."

"Ndiye mwapindula chiyani podziwa?"

"Ndadziwa kuti mumandifuna. Zaka zonsezi ndinkayesa mumangofuna penshoni."

Anaona mdzukulu wawo, anamunyamula kamodzi atatsamira mapilo. Anamwalira masana ena mvula itangoyamba, chitseko ndi mawindo zili zotsegula monga ankafunira.

Mtembo utawotchedwa, amayi anatengera Jharna kudziwe. Anamuphwanyira zibangili zoyera ndi zofiira pa mwala, anamupukuta ufa wofiira wa m'tsitsi. Chitsulo ndicho chimavuta nthawi zonse pa mwambowu, moti ena amabwera ndi sopo ndi mafuta. Koma a Putul anangokoka ulusi uja, chitsulo n'kukanuka chokha. Anachikweza m'mwamba kuti onse aone podukapo.

"Ichi ndiye sichinativutitse," anatero. "Mwini wake anatsogola kale."

Pofika mawa lake mzere wonse unali utamva. Palibe anamunena pamaso. Ankangoti akamadutsa pa mpopi nkhani n'kuduka, ndipo mtsikana wina wongokwatiwa kumene anabisa dzanja lake m'sari atakumana naye pa kanjira. Zimenezi Jharna akanazipirira. Chimene chinkamudya n'chakuti nayenso ankakhulupirira zomwezo. Anabwerera kuntchito, koma ankaphika mwakachetechete, ndipo ana ankamuopa kwambiri tsopano kuposa pamene ankakuwa.

Patatha miyezi iwiri anavala sari yake yoyera ya umasiye, ananyamula chimvulopu cha zithunzi chija, n'kukwera yekha sitima ya ku Kolkata osauza munthu. Anadikira pa benchi yomwe ija mpaka Tanushri anatuluka kukadya. Mtsikanayo ataona sari yoyerayo anaima, kenako anakhala pambali pake.

"Pepani, amayi."

"Mwana wanga, iwe unaona zithunzizi poyamba. Undiuze zoona, usandinyengerere. Mawanga awa analipo ndisanadule, kapena anabwera nditadula?"

Tanushri anati ntchito yake ndi kujambula, kumasulira ndi kwa adokotala. Koma anamugwira mkono ndi kupita naye m'kachipinda kena, kwa dokotala wamkazi wa magalasi amene ankawerenga zithunzi. Anamufotokozera mwachidule. Dokotalayo sanaseke. Anatsegula zithunzizo pa kompyuta, anakuza fupa lina la msana ndi kuloza ndi cholembera.

"Mukuona apa, amayi? Fupa ili linaphwanyika, kenako linayamba kupola lokha. Zimenezi sizichitika pa tsiku limodzi, ngakhale pa mwezi. Kuti mawanga achuluke chonchi, matendawa anali m'thupi chaka chathunthu, mwina ziwiri. Mwinanso anayamba mwakabisira kale kuposa apo."

"Zaka ziwiri."

"Inde. Munadula masana, tinajambula madzulo ake. Palibe chimene chinalowa m'mafupa awa pa maola atatu."

Atatuluka, Tanushri anamufinya dzanja mosangalala. "Mwamva, amayi? Si inu. Mukawauze onse kwanuko kuti adokotala anena kuti si inu."

Jharna anakhala pa benchi, chimvulopu chili pa mawondo. Anadikira kuti mtima upepuke, poti n'zimene anakwerera sitima, koma sunapepuke. M'zaka ziwiri zimenezo chitsulocho chinali pa dzanja lake usana ndi usiku, chosaduka, ndipo amuna ake ankadyeka ali pambali pake pomwepo. Kudziimba mlandu kunali kowawa, komabe kunkamuuza kuti moyo wa a Haradhan unali m'manja mwake, kuti iye ndi amene anawasunga zaka zonse zija. Tsopano ngakhale chimenechi anali atalandidwa. Analira kulira kumene sanalire pa maliro, pakamwa pali pululu, anthu a pamzere akumuyang'ana.

"Amayi, bwanjinso? Si nkhani yabwino imeneyi?"

Jharna anapukuta nkhope ndi ngodya ya sari, koma misozi sinaleke.

"Ndiye zaka zonsezi, mwana wanga," anafunsa, "ine ndinkawalondera ndi chiyani?"

Tanushri anakhala naye chomwecho atamugwira dzanja, mpaka anamuitana m'katimo kuti wodwala wotsatira wagona kale.